Akuti nsomba za m'galasi sizifuna chivindikilo, lelo yatsala imodzi

Nsomba zitatu mwa zinayi zafa, koma munthu amene anandiuza kuti thanki ya nsomba sifuna chivindikilo akali kugulitsa, mimba patsogolo, pashopu pake paja kumbuyo kwa msika wa pa boma. Dzina sinditchula, mumudziwa nonse. Ndi uja agulitsa zakudya za nkhuku ndi mbewu, amene chaka chino wadzuka ali katswili wa nsomba. Sukulu ya nsomba anaiphunzilila kuti? M'thumba la gaga?

Amene simundidziwa pagulu lathu la pafoni lino, ndine mai Mwale a ku Chikomeni. Amuna anga aMwale anagwa sitiloko mu Febuluwale. Dzanja lamanja ndi mwendo zinaleka kugwila nchito, mawu atuluka limodzi limodzi ngati akuwakumba pansi. N'chifukwa chake tinabwela kukhala kuno kufupi ndi chipatala, m'kanyumba ka mlamu wanga, ka malata kopanda siling'i. Munthu amene anali kulima fodya mpaka anthu kubwela kudzaonelela munda, manje kungokhala pampando kuyang'ana khoma. Wailesi akana. Alendo akana. Abusa anabwela, iwo anatseka maso ngati agona.

Mwana wathu Misozi wa ku Chipata ndiye anabweletsa nzelu iyi. Ati, "Amama, muwagulile adada nsomba za m'galasi, aziyang'anako." Ine ndinaseka. Nsomba yongoyang'ana? Kapenta mmene wakwelela mtengo, ine ndizidyetsa nsomba m'malo moti nsomba indidyetse ine? Koma mwana anatumiza ndalama pafoni, ndiye ndinapita.

Linali Loweluka, 10 awazi. K850. Anandipatsa thanki ya galasi yotalika ngati mkono, tinsomba tinayi, kamakina kotulutsa thovu m'madzi ndi kabotolo ka chakudya. Ndinafunsa pomwepo, pali anthu, ndati, "Adada, nanga chivindikilo chake chili kuti?"

Ndinafunsa chifukwa kwathu madzi sasiyidwa kukamwa. Mtsuko uvindikilidwa, ndowa ivindikilidwa, ngakhale kapu ya mlendo timaikapo kambale. Malemu amai anga anandikwapulapo ndi mthiko ndili kamtsikana chifukwa buluzi anagwela mumtsuko, ndipo tsiku lomwelo kunabwela ankhoswe a achemwali anga, aja anakwatiwa ku Lumezi ukwati n'kutha miyezi isanu, koma iyo ndi nkhani ina.

Bambo uja anaseka mpaka kugwila kauntala. Ati, "Agogo, iyi si ndowa ya kuchitsime. Nsomba zipuma mpweya, mukavindikila zifa. Mtsinje wa Lundazi munauonapo uli ndi chivindikilo?" Anthu amene anali kugula mbewu naonso anaseka. Ine wa giledi faifi ndinangoti yewo, zikomo, n'kunyamula katundu wanga.

Sabata yoyamba, abale anga, zinali bwino. AMwale anandikodola ndi dzanja labwino kuti ndisendeze mpando pafupi. Tsiku lachitatu anazipatsa maina a ng'ombe zawo zolimila zimene tinagulitsa chifukwa cha matenda. Yofiila ati Bantomu. Yakuda ati Bulaki. Ina Kamwendo, ina yonenepa yokonda kudya ati Tcheyamani. Maina onse anayi anatuluka osakodwa pakhosi! Ndinathawila kukhichini kukapukuta maso. Kuyambila Febuluwale sindinamve munthu uyu akutchula mawu anayi motsatana.

Lolemba la sabata yachiwili, 6 awazi m'mawa, ndikusesa pakhonde, chitseko chili chotsegula. Ndinamva aMwale akubuula. Kulowa, Bulaki walumpha, ali pansi pasimenti akuphiliphitha, ndipo thadzi la aneba lalowa kale. Ine ndi maondo angawa, nkhuku ndi miyendo yake. Inatola n'kuthawa nayo. AMwale anaona zonse ali pampando, osatha kuimilila.

11 awazi ndinali pashopu. Ndamufotokozela. Ati, "Munaiopseza. Kapena muimbila kwaya pafupi ndi thanki?" Ndafunsanso za chivindikilo. Ati palibe chifukwa, ndingochepetsako madzi. Ndinachepetsa. Munthu ukakhala wosaphunzila umamvela ngakhale zopusa, bola wonena wavala wochi.

Kenako Ogasiti, chimanga chathu chabwela kuchoka kumudzi, matumba khumi ndi anayi. Muchidziwa chimene tichita tonse. Ndinayala tenti pakhonde, ndathila mankhwala a ufa aja ophela anankafumbwe, ndasakaniza, tathila m'matumba, talowetsa pabalaza, tasanja mpaka kufupi ndi malata. Mphepo ya Ogasiti nayo sifunsa. Thumba lililonse poliponya pa linzake, fumbi fuu m'mwamba.

Mankhwala ndinathila ndine, sindikana. Koma mvelani. Ufa wa nsima ndinavindikila. Madzi akumwa ndinavindikila. Mbale ndinafunditsa chitenje. AMwale ndinawatulutsa pansi pa mtengo wa mango. M'nyumba monse chinthu chimodzi chokha chinatsala kukamwa, chija katswili anandilumbilitsa kuti ndikavindikila ndapha.

16 awazi, pamwamba pa madzi pali mbuu ngati munthu wawazapo ufa. Kamwendo ndi Tcheyamani mimba kumwamba. Bantomu akungozungulila chammbali ngati chidakwa cha pa Khisimisi. Ndinamutapa ndi kapu, ndamuika m'beseni la madzi oyela, thanki ndatsuka katatu. Anapulumuka, kaya n'chisomo chanji. AMwale atalowa anayang'ana, anakweza zala zinayi, anapinda zitatu. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake 8 awazi ndinali pakhomo la shopu, nsomba ziwili zakufa zili m'kapepala ka shuga. Mkazi wake ndiye anatsegula, ati abwana abwela manje manje. Manje manje wa ku Lundazi mumudziwa. Anafika 10:20, akutokosa m'mano, foni kukhutu. Ndinadikila amalize kuseka ndi wapafoniyo. Ndamuyalila kapepala pakauntala.

Anayang'ana, ati, "Monile agogo. Ndiwo izi mwandibweletsela?"

Ndafotokoza zonse mwaulemu, ine ndine wa chigwilizano cha amai, sinditukwana. Ati, "Nanga munthu wanzelu asunga chimanga pabalaza?"

Imvani funso! Ku Lundazi kuno chimanga tisunga kuti? Pankhokwe panja, kuti akuba atithokoze? Iye kwao kumudzi amai ake asunga kuti, ku banki? Alowe nyumba iliyonse mwezi uno aone ngati sapeza mlendo atakhalila thumba. Ugulitsa nsomba kwa alimi, osadziwa kuti m'nyumba za alimi mukhala chiyani?

Apa ndiye mumve bwino. Tikali kulankhula, anatembenuka kudyetsa nsomba zake za m'thanki yaikulu ili kuseli kwa kauntala. Ndi maso angawa ndinaona akutukula chinthu chakuda pamwamba, wathila chakudya, wabwezelapo. Tsiku logula ndinaona ngati ndi shelefu.

Ndati, "Adada, icho mwatukulacho n'chiyani?"

Ati, "Ichi ndi cha nyali chabe."

Ndati, "Chotsani tione, nsomba zipumeko mpweya ngati za mumtsinje wa Lundazi."

Ati, "Aa, agogo, muno muli fumbi lambili la zakudya za nkhuku."

Ohoo! Ndiye fumbi alidziwa! Nsomba zake ziopa fumbi, zanga ndi zachitsulo? Mkazi wake, mwana wa anthu wosadziwa kunama, anangoti, "Paja katoni ya zivindikilo inasweka m'minibasi pochoka ku Chipata." Diso limene anamuponyela mwamuna wake, ndinamumvela chisoni. Ndiye nkhani yonse ya mpweya ija, mtsinje uja, kundiseketsa pagulu kuja, chinali chifukwa zivindikilo analibe ndipo anafuna mathanki atuluke. Kungonena kuti agogo, chivindikilo ndilibe, kapezeni kagalasi muikepo, chikanamuthyola lilime?

Ndinamufunsa kuti manje tichita bwanji. Ati ndigule nsomba zina zitatu, andichotselako pang'ono. Ndati aMwale azidziwa nsomba zao ndi maina. Yankho lake ndilemba mmene analinenela, Mulungu ndi mboni. Ati, "Nsomba ndi nsomba, agogo. Madala wa sitiloko angazindikile chiyani?"

Ndinatola kapepala kanga n'kutuluka. Ndikanakhala mphindi ina, yunifomu ya chigwilizano akanandivula.

Anandithandiza ndi bambo wina wodula magalasi a mawindo kumsika komweko, munthu wosadzitcha katswili wa chilichonse. Anandifunsa kukula kwa thanki, ndamuonetsa ndi chingwe chimene ndinapimila. Wadula kagalasi, wapala m'mbali kuti kasacheke, ati ndisiye mpata wa zala ziwili pamene palowela kapaipi ka thovu, mpweya uzipita. K40, mphindi khumi. Lelo ndi masabata awili Bantomu ali pansi pa chivindikilo. Sanafe. Anenepa ndiponso.

Ndiye inu amene ana anu akutumizilani ndalama kuti mugule tinsomba tokongoletsa nyumba, musatuluke mushopu popanda chivindikilo. Akakuuzani za mtsinje, muwafunse ngati mumtsinje asanjamo matumba a chimanga. Muyang'anenso kuseli kwa kauntala, muone zake wazisunga bwanji.

Ndipo iwe mwini shopu, ndidziwa mkazi wako ali pagulu lino, akuwelengele. Nsomba zako zochotsela mtengo sindizifuna. Ndifuna uyankhe munthu amene unati sangazindikile. Lachisanu tikachoka kuchipatala kowongola mwendo, 11 awazi, ndidzawakweza aMwale panjinga ya hayala mpaka pakhomo pako. Ndinawauza zonse zimene unanena, sindinabise. Sabata yonse akhala akuyeselela liwu limodzi loti adzakuuze okha, m'mawa ndi masana, mpaka thukuta. Dzulo latuluka bwinobwino, aneba anamva kuseli kwa mpanda.

Ati, "Wabodza."

Usatume mkazi wako kuti abwana abwela manje manje. Tidzabwela ndi mpando.