Chingwe cha Kiyi wa ku Seva

Nditamaliza Fomu 4 ndinapeza ntchito pa loji ina ku Kande. Kuseri kwa ofesi kunali kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a alendo ndi zipinda zawo. Makompyuta a polandirira alendo ndi a ku bala ankatenga zonse mmenemo. Kiyi wa kachipindako ankakhala m'khosi mwanga, pa chingwe cha ukonde chomwe ndinapota ndekha. Abwana anandipatsa kiyiyo chifukwa sindinkasiya fumbi, ndipo magetsi akathima ndinkathamanga kukazimitsa makina batire isanathe. Kumudzi anali atayamba kunditcha wamakompyuta. Sindinkawatsutsa.

Vuto linayamba abwana atagula antivayirasi yatsopano, pulogalamu yoteteza makina ku mavayirasi. Itangolowa mu seva, kompyuta ya polandirira alendo inasiya kuona zipinda. Amene ankakhala pa desikipo anali mtsikana wa ku Dedza, wa Chichewa chothamanga chomwe ine Mtonga ndinkachita kuchitsatira m'mbuyo. Ankangosuzumira pazenera n'kunena kuti, "Achimwene, yafanso."

Ndinayesa kuzimitsa ndi kuyatsa, kusintha mawaya, osatheka. Kenako ndinaona kuti ndikaimitsa antivayirasiyo zonse zinkayenda, ndikaibwezera zinkaima. Ndinawauza abwana motsitsa mawu. Iwo anati sangasiye seva pamtetete, ndipo anaitana katswiri wa ku Mzuzu.

Katswiriyo anafika pa minibasi cham'mawa. Ndinawatsegulira, iwo n'kukhala pampando, ine n'kuima pakhomo manja kumbuyo. Kwathu munthu wamkulu akakhala pansi sumuimirira pamutu, ndiponso sukhala naye pafupi asanakuitane. Ndinkadikira kuitanidwa. Mtsikana uja sanadikire. Anakoka kreti ya zakumwa, kuitembenuza, n'kukhala phewa ndi phewa ndi mlendoyo.

Anawafotokozera zomwe ine ndinapeza, ndipo sananame, ananena kuti ndinapeza ndine. Katswiriyo anandiyang'ana, nati ndachita bwino, n'kufunsa ngati kukhitchini angawakonzere kondowole, nsima ya chinangwa, ndi nsomba ya batala, poti anali atazilakalaka nthawi yaitali. Ndinavomera m'Chitonga kuti, "Yewo, ada," n'kuthamanga. Ndinkafuna akondwe nane.

Wophika sankadziwa kukanda kondowole, anali wa ku Zomba, choncho ndinakanda ndekha. Kukhitchini ndinkamva kuseka kwawo kudzera pakhoma. Ndinakanda mwamphamvu kuposa mmene chinangwa chimafunira.

Pobwera ndi mbale ndinapeza mtsikanayo ali ndi mausi m'dzanja. Katswiriyo ankamuuza kuti antivayirasi ili ngati mlonda watsopano yemwe sakudziwa anthu a pakhomo, akubweza ngakhale wophika pageti. Mlonda sachotsedwa, amauzidwa oyenera kudutsa. Anali atamuonetsa kale polemba foda ya pulogalamu ya zipinda kuti isamafufuzidwe, ndi potsegula khomo lomwe makompyuta ena amalankhulira ndi seva. Ine ndinangoona zenera lomaliza likutsekedwa. Kompyuta ya pa desiki inaonetsa zipinda zonse, antivayirasi ili chiyakire.

Abwana atafika, katswiriyo anati vutoli likhoza kubwerera pulogalamu ikadzikonza yokha, koma asadandaule, mtsikanayu wagwira. Abwana anatembenukira kwa ine mokoma mtima ndithu.

"Mpatse kiyi mnzakoyu. Ukafuna kusesa uzikatenga kwa iye."

Mfundo ya chingwe inali yolimba, ndinaimanga ngati ya pa ukonde. Ndinalimbana nayo onse akundiyang'ana, mpaka ndinaimasula ndi mano. Ndinapereka kiyiyo kwa mtsikanayo ndi manja awiri. Iye anangomuponya m'kachikwama, pamodzi ndi mafuta opaka pamilomo.

Masiku otsatira ndinkadana ndi chilichonse chake: mmene ankanenera kuti foda, mmene ankayankhira foni ya katswiri uja akuseka, ngakhale kreti ija. Sanandilakwire kanthu, ndipo zimenezo n'zomwe zinkandiwawa kwambiri. Tsiku lina anandiuza kuti ndibwere andionetse, n'zosavuta. Ndinayankha kuti ndili ndi mchenga wosesa kukhonde.

Vutolo linabwereradi m'nyengo ya mwera. Anakonza yekha, ine ndikupukuta mawindo panja, ndikuona msana wake wokha.

Chingwe chija sindinachivule. Kumudzi ankaona kachingwe kakutuluka pakolala, n'kumanditchabe wamakompyuta, ndipo ndinkasamala kuti batani lam'mwamba likhale lomanga.