Dzanja Limene Ndinakweza

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi Mtakataka, pamene kunabwera Madamu Bigiti. Anali mzungu wa ku Jeremani, ndipo Lachitatu lililonse tikaweruka ankatiphunzitsa Chijeremani ndi mbiri ya kwawo. Anzanga ambiri ankatsatira mabisiketi amene ankagawa pomaliza. Ine ndinkatsatira Madamuwo. Ndinali mtsikana wokonda kutamidwa, sindibisa, ndipo akangoti "Gut, Esinati," kutanthauza kuti "bwino," ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Tsiku lina anatiuza kuti bambo awo akubwera kudzawaona, ndipo anasankha ine kuti ndikonze zowalandira. Kwathu mlendo ukamulonjera m'chikwawo ndiye kuti wamulemekeza. Moni wa m'buku uja ndinauona wochepa. Ndinakumbukira filimu ya nkhondo imene achimwene anga anandilowetsa kukaonera ku Golomoti, mmene asilikali a ku Jeremani ankalonjera mtsogoleri wawo wa kandevu kam'munsi mwa mphuno: dzanja lamanja m'mwamba, zidendene kugundana, ndi mawu awiri okuwa. Nkhani ya filimuyo sindinaimve, jenereta inkasokosa. Ndinangoti ulemu wa kwawo ndi umenewu. Sabata yonse ndinkaphunzitsa anzanga kuseri kwa kalasi, mobisa, kuti Madamu adzadabwe.

Anadabwadi.

Mkuluyo analowa akumwetulira, chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Ndinatsokomola, chimene chinali chizindikiro chathu, ndipo kalasi yonse inakweza manja n'kukuwa mawu aja. Kumwetulira kunazima. Chipewa chinagwa, iwo osachitola. Anatembenuka n'kutuluka pang'onopang'ono akugwira khoma. Madamu anafiira nkhope mpaka m'khosi.

"Wakuphunzitsani ndani zimenezi?" anafunsa motsitsa mawu.

Maso onse anabwera pa ine. Sindinadziwe chimene ndinalakwa, koma ndinadziwa kuti "Gut, Esinati" uja wathera pomwepo.

Lachitatu lotsatira ndinapita nditakonzeka kuthamangitsidwa. Madamu sanakalipe. Anayendetsa chithunzi m'kalasi: mulu wa nsapato wotalika kuposa munthu, zina za makanda. Ambirife tinkabwera kusukulu chapansi, choncho tinayamba n'kusirira, mpaka wina anafunsa kuti eni ake ali kuti. Madamu anatiuza kuti anali Ayuda, amene ankalongedwa m'sitima ngati ng'ombe n'kukaphedwa ndi mpweya wa poizoni, mlandu wake mtundu wawo basi. Amene ankachita zimenezi ankalonjerana ndi moni wathu uja.

"Agogo anga, obereka bambo munawaona aja, anali mlonda wa sitima zimenezo," anatero. "Bambo anga anazidziwa ali wamkulu kale. Kunyumba sizinkanenedwa."

Apa ndiye ndinadabwa kuposa pa chithunzi paja. Munthu kuulula zonyansa za agogo ake omwalira, pamaso pa ana a eni? Kwathu womwalira sitimunenera zoipa. Kenako Madamu anayang'ana ine.

"Chinthu akuluakulu akachibisa, ana amachitola osachidziwa. Esinati, sindikuthamangitsa. Koma nonse mukafunse kwanu chimene sichinenedwa."

Kuseri kwa nyumba yathu kunali bwinja, pomwe panali mtengo wa mango umene anafe tinkaletsedwa kuthyola. Palibe anatiuzapo chifukwa. Madzulo a tsikulo ndinapeza bambo akuluka dengu pakhonde, ndinagwada, n'kufunsa kuti bwinjalo linali la yani. Amayi, amene ankapeta mpunga, anatula lichero.

"Iwe, zakusukuluzi zakuzunguza mutu eti?"

Bambo anayankha akulukabe, osadzutsa mutu.

"Pankakhala a Nachisale ndi ana awo anayi," anatero. "Inali nthawi ya chipani chimodzi. Iwo anakana kugula khadi la chipani chifukwa cha mpingo wawo. Anyamatafe tinatumidwa kukawatenthera nyumba. Anathawira ku Mozambiki, sanabwerenso."

"Inunso munalipo, bambo?"

"Machesi anali anga."

Ndinayang'ana manja awo. Anali manja omwewo amene ankandiyeza phazi ndi kachingwe akamapita kumsika kukandisakira nsapato za pa Khirisimasi. Lachitatu lotsatira Madamu anandifunsa m'Chijeremani kuti ndili bwanji, ndipo ndinalephera kuyankha kuti "Gut." Anandigwira paphewa, osafunsanso china.

Lero ndimaphunzitsa mbiri kusekondale, ndipo Chijeremani chija ndinaiwala pafupifupi chonse. Chimene chinatsala n'chakuti zoopsa za m'mabukuzi amazichita ndi agogo a munthu, bambo a munthu, ndipo dzanja lija amatha kulikweza ngakhale mtsikana wongofuna kutamidwa. Bambo ndinawakonda mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Mango a pabwinja paja mpaka pano amagwa n'kuolera pansi, koma ana anga akudziwa chifukwa chake.