Mzere wa Kasitima ka M'mwamba

Kachingwe kapepala kaja ndikadali nako mpaka lero. N'kofiira, kamene anatimanga pamkono polowa pageti, ndipo kakhala zaka zonsezi m'buku la nyimbo za kutchalitchi la amayi. Zilembo zake zinafufutika kalekale. Koma ndikangokagwira, ndimamva fungo la soseji zootcha, mbuliwuli ndi thukuta la anthu oima padzuwa la Disembala.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Donholm, mumzinda wa Nairobi, anthu atatu: ine, amayi, ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene ankaphunzira ku yunivesite. Amayi ankagwira ntchito kumaofesi a ku Gigiri, mumzinda momwemo. Chaka chimenecho, chakumayambiriro, madokotala anandichita opaleshoni. Ndinabadwa ndi kabowo mumtima, ndipo anakatseka. Ndinatsala ndi chipsera chachitali pachifuwa, chimene ndinkachibisa pomanga mabatani onse mpaka m'khosi.

Patapita miyezi, dokotala anati ndachira. Ndikhoza kuthamanga, kusambira, kuchita chilichonse chimene ana anzanga amachita. Amalume, munthu wosatopa ndi mafunso, anafunsanso za kasitima ka m'mwamba ka kumalo a masewera, chifukwa ndinali nditawasokosa nako nthawi yonse imene ndinagona m'chipatala. Dokotala anaseka, nati ndikhoza kukwera, ndipo analemba kalata. Amayi anaipinda bwinobwino n'kuika m'chikwama, koma mumtima mwawo sanaikhulupirire. Kusukulu, nthawi ya masewera, aphunzitsi ankandikhazikabe pansi pa mtengo kuti ndizilondera majuzi a anzanga, popeza amayi anali atawapempha kuti azitero. "Wewe, pumzika," ankatero aphunzitsiwo, kundiuza kuti ndipume. Mawu amenewo ndinadana nawo kuposa jakisoni.

Ndiye tchuthi cha Khirisimasi chitafika, ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi. Diresi ayi, nsapato ayi. Ndinkafuna kukwera kasitima kaja, kuti tikadzatsegulira sukulu ndikawauze aphunzitsi kuti ine sindine dzira. Amayi anali atandilonjeza ndili pabedi la chipatala, ndipo amalume ankawakumbutsa m'mawa ndi madzulo mpaka anagonja.

Amalume ndiwo anasankha tsiku lotsatira Khirisimasi. Anatitsimikizira, ngati munthu wodziwa zinthu, kuti nthawi imeneyo anthu a mu Nairobi amakhala atapita kumidzi kwawo, ndiye tikangofika n'kukwera. Koma abale! Titatsika minibasi yachiwiri, imene kumeneko amati matatu, tinapeza mzinda wonse uli pageti. Amayi anawayang'ana amalume n'kuwafunsa kuti nanga amene anapita kumudziwo ndani. Amalume anangoti mwina abwerera msanga.

M'katimo kunali phokoso losaneneka. Nyimbo zitatu zosiyana zinkalira nthawi imodzi. Ana ena nkhope zitapakidwa utoto ngati akambuku, ena akulira atanyamulidwa paphewa, ayisikilimu akuyenderera m'zigongono. Akavalo amatabwa ankazungulira, timagalimoto tinkagundana, koma ine zonsezo sindinazilabadire. Maso anga anali pa njanji zachikasu zimene zinkakwera kudutsa mitengo, kenako n'kugwa. Mzere wake unali wokhotakhota pakati pa zitsulo, ndipo kumapeto kwake kunali chikwangwani chonena kuti kuchokera pamenepo tidikira ola limodzi. Pambali pake panali china, chojambulidwa mtima, chochenjeza odwala. Ndinaona amayi akuchiwerenga kawiri, dzanja lili pachikwama.

Poyamba tinkayenda bwino ndithu. Kenako amayi anatembenuka n'kuona mayi wina wachikulire ali ndi zidzukulu ziwiri kumbuyo kwathu. Anapatuka, manja atagwirana, n'kumuuza m'Chiswahili chawo chodukaduka kuti apite kaye. Mayiyo anawayang'ana modabwa, chifukwa mu Nairobi munthu sapatsa mnzake malo pamzere. Ine sindinadabwe. Tinaleredwa choncho: wamkulu samuyendera patsogolo, ndipo ukakana kupatuka amakufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Ndinanyadira amayi anga, ndinaganiza kuti tikuwaphunzitsa anthuwa khalidwe.

Pambuyo pa mayi uja anadutsa bambo wina wa mapasa. Kenako banja lonse la anthu asanu ndi awiri, ati chifukwa anali ndi khanda. Kenako atsikana amene amayi anati akuoneka otopa. Mbiri inafika kumbuyo kuti kutsogoloku kuli mayi wopatsa malo, ndipo anthu anayamba kubwera okha, akumwetulira, n'kunena asante, zikomo ya kumeneko, podutsa. Ife tinaima pa chitsulo chimodzimodzi, chimene wina anamatapo chingamu chobiriwira. Chingamu chimenecho ndinachiloweza. Kasitima kankadutsa pamwamba pathu, anthu akukuwa, ndipo ndinafika podziwa malo enieni amene kukuwako kumayambira. Miyendo inkandiwawa koma sindinayerekeze kunena, ndinkadziwa kuti ndikangoti ndatopa, ulendo watha.

"Ife sitikuthamangira," amayi ankatero kwa aliyense. Mawu amenewo anawanena mwina makumi awiri.

Lero, pamene inenso ndili ndi mwana, ndimaona kuti amayi anali ochenjera kwambiri. Kundikaniza sakanatha, chifukwa analonjeza. Kunena kuti ndikudwala sakanatha, kalata inali m'chikwama chawo chomwe. Ndiye anatenga ulemu wakwathu, chinthu chimene palibe mwana wa ku Malawi angachitsutse, n'kubisalamo. Ankadikira kuti dzuwa lipendeke, atseke, kenako adzati: waona mwanangu, tayesetsa, anthu anachuluka.

Amalume anali atapita kukasaka madzi akumwa, ndipo nakonso kunali mzere wake. Atabwera anatipeza pa chingamu pomwe paja. Anayang'ana ine, anayang'ana anyamata anayi amphamvu zawo amene amayi anali atangowadutsitsa kumene, ndipo nkhope yawo inasintha. Nthawi yomweyo chimkuzamawu chinalengeza kuti posachedwa adula mzere, otsala kumbuyo kwa chingwe sakwera. Misozi inayamba kutuluka, ndipo ndinatembenukira kuchitsulo kuti amayi asaone.

Amalume analankhula motsitsa, m'Chichewa, kuti ena asamve. Anafunsa kaye kuti anyamata ajawo ndi agogo a ndani. Kenako anati, "Achemwali, mukamutsekereza lero, mudzamutsekereza mpaka liti?"

Amayi anakweza maso n'kuyang'ana njanji. Mlonda wa mzere anabwera ndi chingwe chake, akuwerenga mitu ya anthu, ndipo anaima patsogolo pathu penipeni n'kuyamba kukoloweka. Apo ndipo ndinaona zimene ndinali ndisanaonepo. Amayi omwe aja, opatuka tsiku lonse, anandigwira dzanja, anakweza chingwecho ndi dzanja linalo, n'kulowa nane ngati anthu olimbirana matatu madzulo mvula ikugwa. Mlondayo anayamba kulankhula, koma anthu amene tinawadutsitsa aja anamuuza kuti mamayu anafika kalekale, amusiye. Amalume anatsalira kunja, atanyamula mabotolo atatu.

Ndinkaganiza kuti ndikwera ndi amalume, chifukwa amayi ankaopa ngakhale masitepe oyenda okha a m'masitolo. Koma anakhala pambali panga. Chitsulo chotchinjiriza chinatsika pamiyendo, chotentha ndi dzuwa. Kasitima kanayamba kukwera pang'onopang'ono, kakulira kakakaka, ndipo ndinaona madenga, magalimoto ochuluka ngati tizikumbu, ndi mbalame zazikulu zonyansa zitakhala pamwamba pa mitengo. Pamwamba penipeni kanaima pang'ono, ngati kakuganiza. Kenako pansi panasowa. Mimba inatsalira m'mwamba, mphepo inandilowa m'kamwa, ndipo ndinakuwa mayo ine mpaka kukhosi kunauma. Tinakhota, tinapendekeka, tinagwanso, ndipo ndinapezeka ndikuseka ndi kulira pamodzi. Sizinathe ngakhale mphindi ziwiri. Masana onse aja tinadikirira zimenezo, ndipo ndikanati ndidikirenso ndikanadikira.

Potuluka panali kanyumba koonetsa zithunzi zimene amajambula kasitima kakugwa. Pachithunzi chathu aliyense anali atayasamula, maso kutsogolo, tsitsi m'mwamba. Amayi okha pakamwa panali potseka, ndipo anatembenukira kumbali, akuyang'ana ine. Amalume anaseka mpaka kugwira mawondo, nati tichitenge. Amayi anakana, anati aoneka moipa.

Madzulo amenewo amayi anadya soseji ziwiri ndi mbuliwuli wanga yemwe, atakhala pa kakhoma, nsapato atavula. Mu matatu anagona tulo, mutu uli paphewa la amalume, mpaka tinachita kuwadzutsa pofika ku Donholm. Titatsegulira sukulu anandipatsa kalata ina yopita kwa aphunzitsi. Aphunzitsi anaiwerenga, anandiyang'ana, n'kundiuza kuti majuzi adzilondera okha. Ndinathamanga tsiku limenelo n'kukhala womaliza, koma sindinasamale.

Chimene chinandikwiyitsa tsiku la kasitima lija ndi chimodzi. Titangotsika, amayi anagwada pamaso pa anthu onse aja n'kuika chikhatho chawo pachifuwa panga. Anati batani lamasuka. Ndinayang'ana, mabatani onse anali omanga mpaka m'khosi, monga mwa nthawi zonse. Ndinawauza choncho, koma dzanja silinachoke. Linakhala pamenepo nthawi yaitali, milomo yawo ikugwedezeka pang'ono, anthu akutilambalala. Ndinachita manyazi, ndinaganiza kuti amayi asokonezeka ndi chizungulire. Sindinkadziwa kuti ankawerenga kugunda kwa mtima wanga, kumodzi kumodzi, mpaka anakhutira.