Bakha Wopanda Miyendo

Dzulo m'tauni ndinaima pasitolo ina ya ziboliboli, ndikuyang'ana mbalame yosemedwa pamwala wakuda. Inalibe nthenga, maso ngakhale miyendo, koma inali mbalame ndithu. Nditaisisita, m'manja munabwerera kuzizira kwa dongo la kumtsinje wa Nasolo, kwathu ku Ndirande.

Ndili Sitandade 3, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense akaumbe nyama kunyumba. Ine ndinasankha bakha. Ndinamuika mapiko, zala ndi nthenga za timitengo ta machesi, koma ndikati ndimuimike, miyendo inkathyoka. Itathyoka kachitatu, ndinayamba kulira.

Bambo, amene ankakhoma ndowa pakhonde, anaika hamala pansi.

"Tabwera naye kuno."

Ananyowetsa chala chachikulu n'kufafaniza zonse ndinavutikira zija. Kunangotsala chimimba chosalala, khosi lopindika ndi kamchira koloza kumwamba.

"Ababa, mwandiwonongera! Imeneyi ndi mbatata. Mawa akandiseka kusukulu."

"Bakha akakhala pamadzi, miyendo umaiona iwe?"

Ndisanayankhe, anatulukira mng'ono wanga wa zaka zitatu, yemwe anali asanayambe kuyankhula, moti amayi anali atatopa n'kuyenda naye m'zipatala. Ananjuta, n'kuyang'anitsitsa dongo lonyezimiralo, kenako analoza.

"Kwaa, kwaa! Bakha!"

Amayi anagwetsa lichero, nyemba n'kumwazika bwalo lonse.

"Wati chiyani? Tanenanso, mwanangu!"

"Bakha!"

Amayi analuluta mpaka aneba anasuzumira pampanda. Bambo anavundikira ndowa n'kuyamba kuiimba ngati ng'oma, ine ndikuvina, misozi isanaume, bakha wanga ali m'mwamba.