Sanza m'Ziboo za Mpweya

Mwana wanga woyamba anabadwa mwezi wotentha, mvula isanagwe. Tinkakhala ku esiteti ya tiyi m'munsi mwa phiri, m'nyumba ya kampani ya malata, yokhala ndi tiziboo ta mpweya pamwamba pa mawindo, kumaso ndi kuseri komwe.

Apongozi anga, mayi a bambo a mwanayu, anabwera kuchokera ku Chinakanaka kudzandithandiza chikuta. Tsiku lomwelo anakwera pampando n'kutseka tiziboo tonse ndi sanza.

"Mphepo ya m'phirimu si yocheza nayo," anatero. "Ikalowa paliwombo mudzandifuna."

Koma masana m'nyumbamo munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Mwana anatuluka totupa tofiira m'khosi ndi m'khwapa, kuyamwa osayamwa bwino, kumangolira.

Ine nyumba yosapuma ndinkaidziwa. Ndisanakwatiwe ndinkakolopa m'maofesi ena ku Blantyre, nyumba yosanjikizana, magalasi okhaokha osatsegula. Ankadalira makina oziziritsa. Magetsi akathima, mabwana ankatsika masitepe majekete ali m'manja, kukaima panja. Ofesi yakale ya kuesiteti kuno ilibe makinawo, koma denga lili patali, khonde ndi lalikulu, mawindo ndi oyang'anizana, ndipo mumazizira bwino.

Nanga zimenezi ungawauze bwanji munthu amene analera ana ake onse mpaka kukula? Ndinaona kuti iwo masana ankakhala panja, pansi pa mpeyala, akusenda chinangwa. Kutentha kwa m'katimo sankakudziwa.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinati, "Amayi, tandigonekereni mwanayu m'nyumbamo, ndikachape kumpopi."

Ndinachapa mosafulumira. Pobwera ndinawapeza atakhala pamphasa, mpango atavula, akumukupiza mwana ndi chivundikiro cha ndowa. Thukuta lili kamukamu.

"Amake mwana, nyumba yanuyi anamanga ndani? Ofuna kuwotcha mbatata?"

"Kaya, amayi. Mwina tiziboo tija."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono. "Mwandichenjerera eti? Bweretsani mpando."

Anayamba kuchotsa sanza za kuseri zokha. Mpweya sunayende. Ndinanena motsitsa mawu kuti mphepo imafuna polowera ndi potulukira. Anang'ung'udza, komabe anazula ziwiri za kumaso, mbali ya kuphiri. Katani inayamba kugwedezeka.

"Koma chipewa asavule," anatero akutsika.

Ndinavomera. Mwana anagona mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sabata isanathe khosi lake linasalala.