Kambuku Amene Ndinamupundula

Ndikukumbukira chaka chimene ankatsegula munda watsopano wa tiyi m'mphepete mwa nkhalango, kumtunda kwa Masambanjati. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo anga ankalondera amayi opalira mbande, poti akambuku anali asanachoke m'deralo. Dzanja lawo lamanja linafooka ndi chingwe chimene anawamanga nacho ku Mozambique tisanathawe, choncho mfuti yawo ya gogodela ndinkanyamula ndine, mtsikana, ndipo kuthira wonga inalinso ntchito yanga.

Anandiphunzitsa mosafulumira. Wonga timayeza m'kansungwi, osapyoza pamene anadinda ndi mpeni. Kenako kansanza, kusindira ndi chitsulo, ndiye tizidutswa ta msomali, kansanza kenanso. Zala zanga zinkanunkha utsi mpaka Lamulungu.

"Kambuku akaoneka, yamba kumenya chitini," ankatero. "Amayi akuwe onse pamodzi. Akakana kuchoka, womba m'mwamba. Kumulozetsa mfuti n'komaliza, ndipo si kwa iwe."

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, bambo anatsikira kumtsinje kukamwa madzi. Apo ndinamuona kambuku ali pamwala, mchira uli lende, pamtunda woti ukhoza kuponya chibuma n'kumugenda. Amayi anali chiweramire ndi makasu awo. Chitini chinali pomwepo, pafupi ndi phazi langa. Sindinachikhudze. Ndinatsamiritsa mfuti pachitsa, n'kuwomba.

Utsi utapita, pamwala panalibe kanthu. Amayi anaimba nthungululu, ena kundinyamula. Bambo anafika akuthamanga, anakwera pamwala paja, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana magazi ndi mapazi atatu olowera m'tchire.

"Amabwera kwa inu, kapena anangokhala?"

"Anangokhala."

Sanandimenye. Anandilanda mfuti ija n'kuinyamula okha ndi dzanja lamanzere mpaka kunyumba. Masiku anayi iwo ndi amuna ena analondola mapaziwo, koma mvula inafafaniza.

Kambuku wopunduka sathanso kugwira gwape. Amafuna chosathamanga. Sabata yotsatira anagwira amake a Lute, mayi wa ana anayi amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, akutola nkhuni m'mawa. Anapulumuka poti anzawo anakuwa, koma mkono wawo unauma kuyambira paphewa, ndipo khasu sanaligwirenso. Kambukuyo anaphedwa pambuyo pake, ali ndi misomali yanga m'ntchafu.

Kapitawo atafunsa, bambo anati amene anawomba kambukuyo ndi iwo. Amayi onse amene anaona sanatsutse. Ntchito yaulonda inawathera pomwepo, anabwerera kokazula zitsa ndi dzanja limodzi lija.

Mayi anga anandiuza kuti ndizikawatungira madzi amake a Lute, ndipo ndinatero mpaka tsiku limene ndinakwatiwa. Ndikatula mtsuko ankati, "Mwana wabwino iwe." Anali pamunda paja tsiku lija, ndi mmodzi mwa amene anandinyamula. Ankadziwa, koma sananditchulirepo.

Kwa zaka zambiri ndinkauza mtima wanga kuti ndinawomba chifukwa cha mantha. Lero ndakalamba, ndikhoza kunena zoona. Sindinaope. Ndinkafuna kuti anthu aone kuti mtsikana amene ankamuseka pothira wonga akhoza kuwombanso. Nyamayo inali itangokhala padzuwa, ndipo ikanachoka yokha. Mkono wa amake a Lute ndi umene unalipira kuti ine nditamandidwe kwa masana amodzi, ndipo anamwalira ndisanawapepese.