Wotchi ya Golide ya Apongozi

Ku Chamama amandidziwa: wotchi ya golide ndikangoiika pachikhatho, ndimadziwa ngati ndi yeniyeni kapena feki. Ndiye apongozi anga atagulitsa fodya anagula yawo, n'kundipatsa abale onse akuona.

"Akamwini, tayiyesani."

Inali yopepuka ngati chitsekerero cha botolo. Nditaikanda kumbuyo, golide yense anatsalira kuchikhadabo. Chalacho ndinachibisa m'thumba.

"Bambo, wotchi ndiye imeneyi!"

Ndimakhala pamudzi pawo, ndimalima munda wawo. Ndikanayamba bwanji kunena kuti anawapusitsa? Komabe linali bodza, ndipo ndinalikometsera ndi kamluzu.

Patatha mwezi anandiitana, mkono wawo utabiriwira.

"Poti munaikonda, tengani. Muzivala."

Ndimavaladi Lamulungu lililonse. Tikakumana kutchalitchi, amayamba ayang'ana pamkono panga, kenako moni.